Dzino Lodulira Ulusi

Mpando wa kwa dokotala wa mano unagona chagada pang'onopang'ono, ndipo Atelala anagwira chipewa chawo pamimba ndi manja onse awiri ngati pali wina wofuna kuwalanda. Pamwamba pawo panali nyali yaikulu ya mkono wopindika. Mwana wawo wamkazi, yemwe banja lonse linkangomuitana kuti Chisamba poti ndiye woyamba kubadwa, anakhala pa kampando kapakona, chikwama chili pamiyendo.

"Yasamulani, bambo," anatero Adokotala, mayi wamfupi wovala magalasi, akukoka magolovesi. "Musaope, lero sindizula kanthu."

"Muzulanso chiyani? Anzanu aja anakolola kale."

Mawuwo anatuluka ophwanyika, ngati a munthu wolankhula ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Atelala anadzimva okha, nachita manyazi, n'kuyasamula.

Chala cha Adokotala chinayenda pa nkhama zam'mwamba kuchokera kumanzere mpaka kumanja, chikudinikiza apa ndi apo. Kumwambako kunalibe dzino ndi limodzi lomwe. Chiseyeye chinawagwedeza kwa zaka zambiri, ndipo otsala anachotsedwa mwezi wathawo atayamba kutupitsa tsaya. Kumunsi kunatsala awiri okha, osongoka aja, lina uku lina uku, ngati mizati ya geti lomwe mpanda wake unagwa.

"Apa pakupweteka?"

Atelala anapukusa mutu.

"Nanga apa?"

Phazi lawo linadumpha lokha.

"Phazi layankha," anatero Adokotala. "Mabala sanapole bwinobwino. Mumamwa mankhwala anji?"

"A shuga, ndi a kuthamanga kwa magazi," anayankha Chisamba ali pakona paja. "Akakumbukira."

"Ndimakumbukira, iwe."

"Mumakumbukira a amayi. Anu ndimawapeza ali m'thumba la jekete."

Adokotala anagwira lilime ndi kansalu, nalitembenuza, kuyang'ana pansi pake ndi m'mbali. Kagalasi kawo kakang'ono kanamatirira kutsaya, ndipo anakachotsa mosamala.

"M'kamwa mwanu ndi mouma. Mano oikirira am'mwamba amagwira ndi malovu, monga magalasi awiri onyowa amamatirirana. Muzimwa madzi pafupipafupi, ndipo shugayo mumusamale, apo ayi mabalawa achedwa kupola."

Kenaka anaika zala kutsogolo kwa makutu a Atelala, nawauza kuti ayasamule ndi kutseka, ayasamulenso ndi kutseka. Anawayang'ana cham'mbali. Anatenga karula, nayeza kuchokera pansi pa mphuno kufika pachibwano. Apa maso a Atelala anawala pang'ono.

"Mukuyeza ngati kolala ya shati."

"Ndamva kuti ndinu atelala."

"Ndinali."

"Akadali," anatero Chisamba. "Makina angofunditsidwa nsalu basi."

Adokotala anadzutsa mpando uja, navula golovesi limodzi. Anafotokoza kuti kumwamba kudzafunika mano onse, koma kumunsi adzapanga okoleka pa awiri otsalawo.

"Awiriwa zulaninso," anatero Atelala. "Ntchito ichepe."

"Amenewa ndiye sindiwagwira n'komwe. Ndi olimba. Mano oikirira akumunsi alibe pogwira, lilime limangowakankha uku ndi uku. Awiriwa ndiwo misomali yathu yokolekapo. Muziwatsuka ngati ana." Kenaka anapitiriza. "Koma chinthu china. Zabwino n'zoti tidikire miyezi ingapo. Nkhama zikamapola zimaphwera. Tikapanga panopa, zikadzaphwera manowo adzayamba kukhwepa."

"Miyezi ndilibe."

"Kuli ukwati?"

"Ayi."

Atelala anatembenuza chipewa chawo m'manja. Anayang'ana mwana wawo, ndipo Chisamba anadziwa kuti mawu amusiyira iye.

Anafotokoza za mayi ake, omwe msewu wonse unkawatcha Aphunzitsi ngakhale anasiya choko kalekale. Matenda oiwala anawayamba pang'onopang'ono. Poyamba ankaiwala ketulo pamoto, kenaka mayina a zidzukulu. Masiku ena Chisambayo ankamuyesa mng'ono wawo amene anamwalira. Koma amuna awo sanawaiwalepo. Ankawadziwa ali kutali, ankadya akawadyetsa iwo, mankhwala ankalandira m'dzanja lawo lokha. Zinali choncho mpaka tsiku limene Atelala anabwera kuchokera kozula mano, thonje lili m'kamwa, masaya atalowa m'kati, milomo itafota. Aphunzitsi anawalandira pakhomo mwaulemu wonse, nawapatsa mpando wa alendo, n'kuwauza kuti eni nyumba atuluka.

"Kuyambira tsikulo amawatcha agogo," anatero Chisamba. "Madzulo amaima pawindo kudikira ababa, ababawo ali kumbuyo kwawo. Kudya akukana, akuti adya amuna awo akabwera. Akuwonda, adokotala."

M'chipindamo munangomveka kampopi kamadzi kakudontha m'mbale yolavulira. Adokotala anavula golovesi linalo.

"Bambo, ndisakunamizeni. Ine ndimadziwa za m'kamwa, za m'mutu si zanga. Masaya ndikhoza kuwadzaza, mawu abwerera ndithu. Koma zoti amayi akuzindikirani, sindingalonjeze."

"Sindinapemphe lonjezo. Ndapempha mano."

"Chabwino. Tipanga oyembekezera. Nkhama zikadzaphwera mudzabwera, ndidzawonjezera m'kati mwake kuti agwirenso."

"Ngati buluku la mwana wasukulu," anatero Atelala. "Kungoti iye amakula, ine ndikuchepa."

Adokotala anaseka, natulutsa m'kabati kathabwa kokhala ndi mano m'mizere, aatali ndi aafupi, oyera ndi achikasu. Atelala sanachedwe. Chala chawo chinagwera pamzere woyamba, pa mano oyera mbee, ofanana ngati mabatani a shati yatsopano.

"Awa. Mkazi wanga akudikira mnyamata."

"Tikaika awa, amayi adzakhala ndi alendo awiri m'nyumba, agogo opanda mano ndi bambo wa pa kanema. Ine ndikufuna mano anu enieni aja. Muli ndi chithunzi chimene mukuseka?"

Chisamba anatulutsa foni. Anadutsa zithunzi za maukwati, za ubatizo wa zidzukulu, zakale zimene anazijambulanso kuchokera m'buku la zithunzi la kunyumba. Monsemo bambo ake anali chilili, jekete itakhala bwino, pakamwa patatsekedwa ngati thumba losokedwa.

"Ababa, simunasekepo pachithunzi?"

"Ndinkaonetsa suti, osati mano."

"Anali otani manowo?" anafunsa Adokotala.

"Anali mano," anatero Atelala, akuyang'ana kumbali.

Chisamba anayesa kukumbukira. Anakula akuona pakamwa pamenepo tsiku ndi tsiku, pakumukalipira, pakumuimbira, patadzaza mapini. Koma atatseka maso sanaone dzino ndi limodzi lomwe. Anachita manyazi.

"Palibe amene ankawayang'anitsitsa?"

Bambo ndi mwana anayang'anizana.

"Amayi," anatero Chisamba motsitsa mawu. "Zadzulo sakumbukira. Koma zakale amakumbukira mpaka mtundu wa mabatani."

Asanatuluke, Adokotala anakanda phala lapinki lonunkhira ngati mankhwala otsukira mano, nalithira m'kambale kopindika, n'kulidinikiza kunkhama kuti atenge chikombole cha m'kamwa. Linali lozizira. Atelala anapumira m'mphuno monga anauzidwira, misozi ikulengeza, maso ali panyali.

Atafika kunyumba anapeza Aphunzitsi ali pawindo la pabalaza, atavala juzi yawo yobiriwira motembenuza.

"Agogo, mwabweranso? Pepani, Atelala sanafikebe. Khalani, ndikupatseni tiyi."

"Zikomo, mayi."

Tiyi anapanga Chisamba, koma Aphunzitsi ndiwo ananyamula kapu, naiika patsogolo pa mlendo ndi manja awiri. Atelala ananyika buledi mpaka atafewa.

"Bambo amenewa sadziwa nthawi," anadandaula Aphunzitsi. "Akayamba kucheza ndi ogulitsa nsalu, basi dzuwa lilowe."

"Mwina basi yawachedwetsa."

"Mumawaikira kumbuyo nthawi zonse. Ndinu achibale awo?"

"Timadziwana kuyambira kale."

Anakankhira mbale ya buledi kwa akazi awo, koma iwo anaibweza mwaulemu. Madzulo Atelala anakayala mphasa m'chipinda chosokera, momwe ankagona masiku amenewo, pambali pa makina ofunditsidwa. Makinawo sankawagwiranso. Tsiku lina atayesa kukhalapo, Aphunzitsi anawathamangitsa ndi tsache, akuti asagwire zida za eni ake.

Kuwatengera Aphunzitsi kuchipatala inali ntchito. Anavala, navula, navalanso. Anafuna kusiya uthenga kwa oyandikana nawo nyumba kuti amuna awo akabwera asadabwe. M'basi anagwira dzanja la Chisamba njira yonse. Koma atalowa m'chipinda cha Adokotala n'kuona tebulo, mpando ndi munthu wamng'ono kwa iwo ataima mwaulemu, msana wawo unawongoka. Anakhala pansi ngati alowa m'kalasi.

"Aphunzitsi, ndikufuna thandizo lanu," anatero Adokotala. "Ndikuwapangira mano abambo awa. Akufuna ofanana ndi a amuna anu."

Aphunzitsi anayang'ana agogo aja, omwe anali pampando waukulu chipewa chili pamimba, ndipo anaseka mpaka kugwira pachifuwa.

"Agogo, pa mano onse a padziko pano mwasankha amenewo? Ndi oipatu!"

"Ndimawasirira choncho," anatero Atelala.

Adokotala anaika kathabwa ka mano patebulo. Aphunzitsi anakasendeza pafupi, nayendetsa chala pamizere ngati akuchonga mayeso.

"Awa ayi, ayera ngati mbale. Awa ndi a kavalo. Awa ang'onoang'ono ndi a mtsikana." Chala chinaima. "Mtundu wake ndi uwu. Tiyi wothira mkaka wambiri. Koma kutalika kwake ndi awa apansiwa."

Adokotala anachotsa mano akutsogolo pakathabwapo, nawabaya m'mzere pa kachidutswa ka phula lofiira. Aphunzitsi anapendeketsa mutu.

"Mwawaimika ngati asilikali. Ili lakumanja silinaime choncho. Limatsamira linzake, ngati munthu wogona m'basi."

Adokotala anafewetsa phulalo pa kamoto, napotoza dzinolo pang'ono.

"Onjezerani. Musaope, silikulumani. Eya, pamenepo. Tsopano ili lakumanzereli lili ndi pobenthuka kunsonga."

"Linathyoka?"

"Ayi, ndi ulusi. Munthu uja sizasi ali nayo, ikulendewera pamsomali pafupi ndi dzanja lake, koma ulusi amadula ndi dzino. Zaka zonsezi ndalankhula mpaka kutopa. Ndiye ulusi unadya kanjira kake, kakang'ono, kongokwana ulusi womwewo."

Adokotala anayang'ana Atelala pamwamba pa magalasi. Iwo anali atayang'ana chipewa. Kanjira kameneko ndiko ankabisa pazithunzi zonse zija.

Kamakina kanalira pang'ono m'dzanja la Adokotala, fumbi loyera likugwera pagolovesi. Anapukuta dzinolo, nalipereka. Aphunzitsi sanaliyang'ane nthawi yaitali. Analowetsa chikhadabo pobenthukapo, natseka maso.

"Sendezani chakunja pang'ono. Amakokera ulusi kumanzere."

Litakonzedwanso, anagwira phula lija m'manja onse awiri, nalankhula osayang'ana munthu.

"Kanjira aka ndinayamba kukaona ndili mtsikana, nditangoyamba ntchito. Ndinapita kukasoketsa diresi yophunzitsira. Mnyamatayo sankalankhula, ankayeza munthu maso ali pansi, tepi ikunjenjemera. Koma akamadula ulusi mlomo umakwera, ndiye umaona ngati akumwetulira. Diresi itatha ndinabwerera, ndinati mpendero wapendekeka. Anaumasula, nausokanso. Ndinabwereranso, ndinati tsopano wafupika."

"Unali wopendekekadi?" anafunsa Chisamba.

"Iwe, munthu uja sanasokepo chopendekeka chibadwire. Koma musakamuuze, agogo. Angayambe kudzimva."

"Sindikamuuza," anatero Atelala. Adokotala anatembenukira kusinki, nasamba m'manja nthawi yaitali.

Patapita masiku anaitanidwa kuti akayese. Mano onse anali ataikidwa paphula, kuti ngati pali cholakwika chikonzedwe asanaumitse. Chisamba anaganiza kuti mayi ake apitenso, poti ulendo woyamba unayenda bwino. Adokotala analowetsa am'mwamba, nakoleka akumunsi pa misomali iwiri ija. Anawauza Atelala kuti alume pang'onopang'ono, ameze malovu, awerenge manambala mokweza. Masaya anadzaza. Mlomo wam'mwamba unabwerera pamalo pake. Chisamba anagwira pakamwa.

"Ababa!"

"Tamwetulirani, amayi aone," anatero Adokotala.

Atelala anatembenuka. Anakweza mlomo. Aphunzitsi anayang'ana pakamwapo, osati nkhope yonse. Anayang'ana dzino lotsamira, nayang'ana kanjira ka ulusi. Kenaka anaimirira, chikwama chikugwa pansi.

"Awa ndi mano a amuna anga. Mwawatenga kuti?"

"Amayi, ndi omwe munasankha aja," anatero Chisamba.

"Mwawachita chiyani amuna anga? Ali kuti? Bwanji mano awo ali m'kamwa mwa munthu wina?"

Anayamba kulira mokweza, akubwerera chambuyo mpaka kugunda kabati. Atelala anatulutsa manowo msangamsanga, phula likupindika m'zala zawo, nawabisa pansi pa chipewa. Nkhope inafotanso. Aphunzitsi anawayang'ana, akupuma mwabefu, ndipo pang'onopang'ono anasendera kwa iwo omwewo.

"Agogo, tiyeni tizipita. Kuno si kwabwino."

Anatuluka atagwira mkono wa agogowo. M'basi anagona paphewa lawo. Pofika kunyumba anali ataiwala zonse, koma Atelala sanaiwale.

Tsiku lokatenga mano omalizidwa Atelala anapita okha. Anakhala pampando uja osavula chipewa.

"Ndabwera chifukwa mwavutika nawo. Koma sindidzawavala pamaso pake. Bola azinditcha agogo kusiyana n'kumuliza chonchija."

Adokotala anakoka kampando, nakhala moyang'anizana nawo.

"Tsiku lija ndinalakwitsa ndine. Ndinawaonetsa amayi mano ngati chinthu chapashelefu, m'chipinda chachilendo, inu muli pampando wa odwala. Anaona mano, sanaone munthu. Kuvala kapena kusavala pamaso pawo, zimenezo mudziwa ndinu. Koma kudya muyenera kudya, ndipo ntchito yanga ndiyimalize."

Anawalowetsa, nafunsa pomwe pakutsina. Anawatulutsa, napala pang'ono m'mphepete, nawabwezeranso. Anatero kangapo mpaka Atelala anasiya kukwinya nkhope. Kenaka anawaphunzitsa kuvala ndi kuvula okha pagalasi. Poyamba azidya zofewa, zodulidwa ting'onoting'ono, kutafunira mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Lilime lidzakhumudwa masiku oyamba, choncho aziwerenga mokweza mpaka lizolowere. Pakatuluka chilonda abwere, asapale okha ndi mpeni.

"Ndipo pogona muzivula, muziika m'madzi. Nkhama nazo zimafuna kupuma."

"Ndiye kuti ngakhale zitatheka, masana ndidzakhala mwamuna wake, madzulo mlendo."

"Ndi momwemo, bambo. Chomaliza: ulusi ayi. Kanjirako ndi kokongoletsa chabe. Mukaluma ndi akutsogolo, kumbuyo kumatsika, mano onse n'kugwa."

Kwa masiku angapo Atelala ankavala manowo m'chipinda chosokera mokha, chitseko chili chotseka. Ankawerenga nyuzipepala yakale motsitsa, mawu oyamba akutuluka ndi kamluzu, mpaka lilime linapeza malo ake. Akamva mapazi pakhonde ankavula msanga, n'kutuluka ali agogo. Aphunzitsi anapitiriza kuima pawindo. Juzi yobiriwira ija inayamba kulendewera m'mapewa, ndipo siketi ankaimanga ndi pini kuti isagwe.

Siketiyo ndi imene inawavuta Atelala. Anaipeza pachingwe m'mawa wina, Chisamba atachapa, pini ikadali m'chiuno mwake, nsalu itayamba kung'ambika pobayapo. Anaiyang'ana kanthawi. Munthu amene anabweza m'chiuno masiketi a tauni yonse, mkazi wake n'kumayenda ndi pini. Anaichotsa pachingwe, nalowa nayo m'chipinda chosokera. Anavala mano. Anavundukula makina, napukuta fumbi, nadontheza mafuta. Chitseko anachisiya chotsegula, poti ulusi wakuda sankauonanso bwino popanda kuwala kwa pakhonde.

Phazi linapeza chopondera lokha. Makina anakhosomola, kenaka anayamba kuyenda, phokoso lake likudzaza nyumba yonse. Atelala anamva mapazi akuchokera pabalaza, ndipo mapaziwo anaima pakhomo. Msana wawo unauma, kudikira tsache. Sanatembenuke. Anayendetsa nsalu mpaka kumapeto kwa msoko, nabwerera pang'ono kuti alimbitse, nakweza singano. Dzanja linakoka siketi, ulusi n'kutalika, ndipo mutu unawerama wokha monga unkachitira kuyambira unyamata. Mlomo unakwera. Ulusi unalowa m'kanjira kake.

Pomwepo anakumbukira mawu a Adokotala, ndipo anangoima choncho, ulusi uli padzino, osaluma.

"Sizasi ili pamsomali, inu," anatero mawu pakhomo. "Pafupi ndi dzanja lanu. Mudzatha mano."

Atelala anatulutsa ulusiwo pang'onopang'ono. Anatambasula dzanja, natenga sizasi, nadula. Dzanjalo linkanjenjemera ngati tsiku la tepi lija.

"Lero mwamva," anatero Aphunzitsi. Analowa, nachotsa zidutswa za nsalu pa mpando wamakasitomala, nakhala. "Mwachedwatu. Munali kuti?"

"Basi inavuta."

"Nthawi zonse basi." Anayang'ana siketi ija. "Imeneyo ndi yanga. Mwaichita chiyani?"

"Ndabweza m'chiuno. Mwawonda, mayi."

"Ndiwonde bwanji osawonda, munthu kudikira osadya?"

Chisamba anali ataima pakhonde ndi beseni la zochapa. Bambo ake anamuyang'ana, ndipo iye anatula besenilo pansi, nathamangira kukhitchini. Anabwera ndi tiyi, buledi ndi nthochi, naziika pamwamba pa tebulo lodulira nsalu, n'kutuluka. Atelala ananyema buledi, napereka. Aphunzitsi analandira m'dzanja lawo, nadya. Analandiranso china. Atelala nawonso anadula kachidutswa kakang'ono, nakatafunira mbali zonse ziwiri mosamala, manowo akugogoda pang'ono.

"Kunabwera agogo ena," anatero Aphunzitsi, akupukuta nyenyeswa pajuzi. "Akudikirani nthawi yaitali. Munthu wabwino, wofatsa, koma sakudya mokwanira. Akuti mumadziwana."

"Timadziwana."

"Ndiye musawathamangitse. Alibe kopita, ndikuganiza."

"Sindiwathamangitsa. Abweranso madzulo ano."

"Mukawapatse bulangete lina. Chipinda chino chimazizira."

Anatenga siketi ija pamakina, naitembenuza, nayendetsa chala pamsoko watsopanowo kuchokera kumayambiriro mpaka kumapeto. Anapendeketsa mutu, nayang'ana amuna awo cham'mbali.

"Wapendekeka," anatero. "Muusokenso."